Kodi salmon ndi mpasa wathu yemweyu?

FUNSO: Akonzi, ndinaona pa kanema nsomba zikuluzikulu zikudumpha mathithi pokwera mtsinje. Ankazitchula kuti salmon. Mnzanga akuti ndi mpasa yemweyu timagwira mu Bua. Kodi n'zoona? Nanga mitsinje yake ili kuti? Ndine wowerenga wanu wa ku Nkhotakota.

YANKHO: Mnzanuyo waona bwino, koma nsombazi si pachibale. Abale ake a mpasa ndi sanjika ndi usipa. Chimene akufanana ndi salmon ndi khalidwe: onse amakulira m'madzi aakulu, ndipo nthawi yoswana ikakwana amakwera mtsinje. Kungoti salmon imachokera m'nyanja yamchere.

Ndikuuzeni za mtsinje umodzi umene umandigwira mtima, Tana. A ku Finland amati Teno, pomwe eni nthaka, anthu a mtundu wa Sami, amati Deatnu, kutanthauza mtsinje waukulu. Umayenda makilomita oposa 300, mbali yaikulu uli malire a Norway ndi Finland, mpaka kukathira m'nyanja ya Barents. Dzikolo ndi la mapiri osamera mitengo pamwamba, ndipo m'zigwa muli timitengo tatifupi ndi ziweto za reindeer, zija za nyanga zanthambinthambi. Mu June dzuwa sililowa, mu December silituluka. M'nyengo yozizira madzi amauma gwa, anthu n'kumayenda pamwamba pa mtsinje.

Chisanu chikamayandikira, salmon yaikazi imasankha malo a timiyala toyera, n'kugona chammbali ndi kumenya pansi ndi mchira mpaka patakumbika kadzenje. Imaikira mazira, yaimuna n'kuthira ubwamuna, kenako yaikaziyo n'kukwirira. Mazirawo amagona pansi pa madzi oundana miyezi yonse yozizira. Tiana tikaswa timakhala mumtsinje zaka zitatu, zinayi, ngakhale zisanu tisanatsikire kunyanja. Chondizizwitsa n'chakuti ikakhwima imabwerera kumtsinje womwe inabadwira, fungo la madzi likuitsogolera, ndipo paulendo wonse wokwerawo siidya. Ndikawerenga zimenezi ndimakumbukira Bua, chifukwa mpasa naye amafuna timiyala toyera, ndipo dothi lokokoloka m'minda likatikwirira, mazira amafa.

Mu 1928 msodzi wina anakola ndi mbedza mu Tana salmon yolemera pafupifupi makilogalamu 36. Tangoganizani, nsomba imodzi kuposa theka la thumba la chimanga! A Sami akhala akuigwira kuyambira makolo awo, ndi maukonde ndi mabiyo, ali m'mabwato aatali opyapyala.

Koma zinthu zafika poipa. Nsomba zobwerera kuchokera kunyanja zinachepa kwambiri, moti mu 2021 maboma awiriwa analetsa kugwira salmon mumtsinjewo, ndipo chiletsocho chinapitirira zaka zotsatira. Ine ndimavomereza kuti nsombayo inafunika kupuma, komabe mtima umandipweteka ndikaganiza za mwana wa Chisami amene akukula osaphunzira kutchera biyo kwa agogo ake.

Pamwamba pa izi pabwera mlendo, salmon ya linunda yochokera kunyanja ya Pacific, imene dziko la Soviet Union linayamba kuthira m'mitsinje ya ku Kola, kumpoto kwa Russia, m'zaka za m'ma 1950. Imakhamukira mu Tana chaka china, kudumpha china, ndipo ikangoswana imafa yonse n'kuwolera m'mphepete mwa madzi. Mu 2023 dziko la Norway linachita kutchinga mtsinjewo ndi mpanda kuti alendowa agwidwe, salmon ya eni ake idutse.