Mwana wanga anamuchotsa Loweruka, Ukaristia woyamba uli mawa lake

Ndikuyankha achemwali ophunzitsa kalasi la katekisimu amene akuganiza zochotsa mwana wina pamndandanda wa olandira Ukaristia woyamba. Ayi achemwali, chonde musamuchotse mwanayo pamndandanda chifukwa choti akukanika kulakatula mapemphero. Nditangoona kuti mukuganiza zomusiyira chaka chamawa, mtima wanga wagunda ngati kuti zija zachitika dzulo, chifukwa ine ndine mayi wa mwana wotere.

Wanga ndi wamkazi, ali ndi chibwibwi. Kunyumba akakhala phee amalankhula bwinobwino, ndipo pa korona wa madzulo ndi iye amene ankatiyambitsira Tikuoneni Maria. Koma mukangomuimika pamaso pa anthu, mawu amamangika pakhosi. Kalasi anaphunzira zaka ziwiri, kujomba kwake kunali kwa matenda basi. Aphunzitsi ake, mayi wina wofatsa, ankamudziwa ndipo ankamudikira mpaka amalize. Lachinayi la sabata yoti alandire Ukaristia woyamba mwana analowa kokalapa koyamba, ansembe anamumvetsera, anatuluka akumwetulira. Mumvetse bwino pamenepa: wansembe anali atamulandira kale mu sakramenti la Kulapa.

Loweruka masana anatiuza kuti ndi tsiku longoyeserera kayendedwe ka pa Misa. Tikufika tinapeza bambo wina wa mu komiti ya tchalitchi atakhala patebulo kutsogolo, cholembera m'manja, akuti ana ayesedwa komaliza. Bambo ameneyu sanapondeko m'kalasimo ngakhale tsiku limodzi. Ana anakhala m'mabenchi, ife makolo kumbuyo, nkumawaitana mmodzimmodzi. Atafika pa wanga anati anene pemphero la kulapa. Mwana anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ndinkaona khosi lake likukoka, timanja tikufinya siketi. Bamboyo anayamba kugogoda tebulo ndi cholembera chija, go, go, go, kenako nkuti, "Wotsatira!" Ana ena anaseka, ndipo sindiwaimba mlandu, ndi ana. Aphunzitsi aja anaimirira kuti afotokoze, anangowakweza dzanja kuti akhale pansi. Pomaliza anawerenga mayina a olandira mawa. Ndinamvetsera mpaka dzina lomaliza. La mwana wanga munalibe.

Diresi yoyera inali itapachikidwa kale kuseri kwa chitseko. Agogo ake anali atabwera kale kudzaonerera.

Nditamutsatira bambo wa mu komiti uja panja kuti ndifunse, anandiyankha pamaso pa anthu kuti mwana wosadziwa kupemphera sangalandire Ambuye, nkuwonjezera kuti ndi ine ndemwe khadi yanga ya zopereka sinakwane. Apo ndiye ndinakalipa, anthu mpaka kudzadzana. Ndinamufunsa kuti mphamvu yotsekera mwana njira ya ku guwa anampatsa ndani. Mpaka lero sanandiyankhe, ndipo sanabwerepo kudzapepesa, kwa ine kapena kwa mwanayo. Timakumana pa Misa, amandipatsa dzanja la mtendere ngati palibe chinachitika. Bambo Mfumu tsiku limenelo anali ku nthambi yakutali, foni osapezeka.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi usiku wake. Mwana sanalire, sanadye, anangolowa kuchipinda. Pakati pa usiku ndinamva kunong'ona. Nditasuzumira ndinamupeza atagwada pamphasa mumdima, akunena pemphero lomwe lija, lonse, kuyambira poyamba mpaka pa Amen, osaphonya liwu. Atamaliza anayambiranso. Ankaganiza kuti mwina mmawa amupatsanso mwayi. Mmawa anzake analandira, ife tili kunyumba, chifukwa anakana kupita kukawaona.

Lolemba ndinapita naye kwa Bambo Mfumu. Nkhani yonse sankaidziwa. Anakhala naye pansi, osafulumira, anangomufunsa kuti pa Misa timalandira ndani. Mwana anavutika pang'ono nkuti, "Yesu." Anamufunsanso ngati chimenecho n'chimodzimodzi ndi buledi wamba, iye anapukusa mutu. Basi. Lamulungu lotsatira analandira, yekha, popanda anzake a m'kalasi, ndipo diresi ija anakana kuvala.

Pambuyo pake ndinafufuza, chifukwa sindinkafuna kuti wina adzandiopsezenso ndi malamulo amene iye mwini sanawawerenge. Mu 1910 Papa Pius X analamula kuti ana azilandira Ukaristia akafika msinkhu wozindikira, cha m'ma zaka 7, ndipo chofunika n'chakuti mwana azitha kusiyanitsa Ukaristia ndi buledi wamba. Sananene kuti aloweze katekisimu yense. M'malamulo a Mpingo a 1983, lamulo 913 likuti mwana akonzekeretsedwe bwino ndipo amvetse za Khristu molingana ndi nzeru zake, ndikubwereza, molingana ndi nzeru zake. Lamulo 914 likupereka udindo woona ngati mwana wakonzeka kwa Bambo Mfumu, pamodzi ndi makolo amene ali oyamba pa ntchitoyi. Wa mu komiti sakutchulidwamo. Ndipo 848 ikuletsa kuti munthu amanidwe masakramenti chifukwa cha umphawi, ndiye za khadi zija zinali zongofuna kundichititsa manyazi. Ngakhale buku la malangizo a katekisimu limene linatuluka ku Vatican mu 2020 likunena poyera kuti olumala asakanizidwe masakramenti. Zinthu zonsezi zilipo, koma amene amagwira cholembera m'matchalitchi mwathu ambiri sanaphunzitsidwe. Timangosankha munthu chifukwa ali ndi mawu amphamvu, nkumupatsa ana a eni ake. Papa Francis mu 2021 anakhazikitsa ukatekisiti ngati utumiki weniweni wa Mpingo, wofuna munthu wokhwima ndi wophunzitsidwa, koma ife tikadali pa "aliyense amene ali ndi mpata Loweruka."

Ndiye inu achemwali, musagamule nokha. Pitani kwa Bambo Mfumu sabata ino, osati yomaliza. Kacheze naye mwanayo kwawo, kapena mukhale naye awiriwiri anzake atapita, mumve ngati akudziwa amene akufuna kumulandira. Mwina samva bwino, mwina satha kuwerenga, mwina kunyumba kulibe womuthandiza, mwina ndi mantha ngati wanga. Makolo muwauze kudakali miyezi, asadzamve pagulu.

Koma musandimve molakwa, sindikuti muzingodutsitsa aliyense. Mapemphero ana aloweze ndithu, wanga amene anawaloweza onse, ndipo ndi omwewo anamugwira usiku uja. Mwana amene wajomba theka la chaka, makolo ake osaoneka ku mphakati, osabwera ngakhale mukawaitana, ameneyo adikire, ndipo kaundula wanu muzilemba mosanyengerera kuti pasadzakhale mkangano. Ndaonapo ana akulandira Ukaristia lero, nkusowa mpaka tsiku la ukwati, ndipo zimenezonso zimandipweteka. Komanso musakangane ndi a komiti pagulu. Ndikudziwa kuti ine ndinatero, mwinanso ndikanapanda kukalipa nkhani ikanangofera pomwepo, koma zinandisiyira dzina loipa kwa zaka, ndipo ena mwa iwo ndi anthu abwino amene amagwira ntchito yosalipidwa. Lankhulani nawo mwaulemu, koma pa mayeso a ana anu pasakhale munthu amene sawadziwa mayina.

Wanga pano ndi mtsikana wamkulu. Ku Misa amapita, Ukaristia amalandira, koma za sakramenti la Ulimbitso akuzengereza mpaka pano. Chaka chilichonse akalengeza zolembetsa ndimamuyang'ana, iye amayang'ana pansi. Ulendo wina anandifunsa kuti, "Amayi, kodi kumenekonso amaimika kutsogolo?" Ndinamuuza kuti ndikamufunsira kaye, ndipo chaka chino ndikupita ndekha kukaonana ndi amene akuphunzitsa kalasilo ndisanamulembetse.