Kuphatikiza mapemphero n'koyamba chabe, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati mpingo wanu wa ku Limbe uthetse zogawa mapemphero, achizungu padera achichewa padera, kuti azungu, abale ochokera m'mayiko ena ndi ife tizipemphera pamodzi. Ine ndikuti phatikizani ndithu, koma musaganize kuti mukatero nkhani yatha.

Ndinakulira mumpingo wotere kuno ku Blantyre. Pachizungu pankadzaza magalimoto a ku Namiwawa ndi ku Sunnyside, pachichewa tinkabwera ife a ku Ndirande titatsika minibasi. Atayambitsa zopemphera limodzi kamodzi pamwezi, tinkakhala benchi imodzi, nyimbo imodzi, koma tikatuluka aliyense kwake. Bambo wina amene ankagwira ntchito yaulonda anali mkulu wampingo kwa zaka zambiri, koma sanaitanidwepo ku komiti yazachuma ngakhale tsiku limodzi. Mpaka lero zimandipweteka, chifukwa ndi iwo amene ankayendera odwala ndi kugona m'maliro.

Zimenezi si zachilendo mumzinda uno. David Clement Scott, mmishonale wa ku Scotland amene anatsogolera ntchito yomanga tchalitchi cha St Michael and All Angels kuyambira 1888 mpaka 1891, ankafuna kuti akuda ndi azungu azipemphera m'tchalitchi chimodzi, ndipo anasankha madikoni achikuda, azungu ambiri a nthawiyo osakondwa nazo. Komabe abusa oyamba achikuda a mishoni ya Blantyre, Harry Matecheta ndi Stephen Kundecha, anadzozedwa mu 1911, patatha zaka 35 mishoni itayamba mu 1876. Kukhala pamodzi kunabwera msanga, koma udindo unachedwa kwambiri.

Ndipo tisamangoloza azungu. Chisankho chikayandikira, Mlomwe ndi Mtumbuka amene amaimba kwaya imodzi amayamba kuyang'anana ndi diso lina. Ngakhale mu CCAP, masinodi a Nkhoma ndi Livingstonia akhala akukangana za malire kwa zaka zambiri, onse a mpingo umodzi.

Ndiye mukakhala pansi ndi abusa anu, funsani kuti amawerenga chopereka ndani, amasaina kubanki ndani, amalalikira tsiku la mgonero ndani. Funsaninso za womasulira. N'chifukwa chiyani nthawi zonse ulaliki umakhala wachizungu, agogo athu n'kumadikira kuwamasulira? Sabata zina mbusa alalikire m'Chichewa, mlendo ndiye amve kudzera mwa womasulira, alawe nawo kudikirako.

Koma pomwe ine ndimaonera zenizeni ndi pamaliro. Mkhristu mnzathu akamwalira ku Bangwe, a pachizungu ambiri amangotumiza chipepeso mu envulopu. Ndalamayo imathandiza, sindikana, koma namfedwa amakumbukira amene anakhala naye pamphasa usiku wonse. Ndandanda wa ogona pasiwa mukamaulemba ulendo uno, lembanimo mayina a mbali zonse ziwiri, ndipo a ku Namiwawa muwauze maso ndi maso kuti tsiku lawo ndi liti.