Nanga Mulunguyo anamupanga ndani?

FUNSO: Mwana wanga wa Fomu 3 wandisowetsa chonena. Ndinamuuza kuti chilichonse chili ndi amene anachipanga, choncho dziko linoli analipanga ndi Mulungu. Iye anangoti, "Ngati chilichonse chimachita kupangidwa, nanga Mulunguyo anamupanga ndani?" Ndimuyankhe chiyani?
Mayi wa ana anayi, Dedza

YANKHO: Mayi, musamukalipire mwanayo. Ine ndinafunsapo zomwezi pa kalasi ya katekisimu ndili wamng'ono, ndipo anangondiuza kuti nditseke pakamwa. Funsolo silinachoke, linandivuta mumtima zaka zambiri. Ngakhale Bertrand Russell, katswiri wa ku Britain, polankhula ku London mu 1927 ananena kuti funso lomweli ndi limene linamusiyitsa kukhulupirira mfundo yoti pali woyambitsa zonse.

Pamene munaterereka ndi pa mawu oti "chilichonse". Akuluakulu amene anaifukula nkhaniyi sananene choncho. Al-Ghazali, mphunzitsi wachisilamu amene anaphunzitsa ku Baghdad ndipo anamwalira mu 1111, ankati chinthu chimene chinachita kuyamba ndicho chimafuna wochiyambitsa. Chimene chilibe chiyambi sitingachifunse tsiku lobadwa.

Koma amene amandifika pamtima ndi Thomas Aquinas, wansembe wa ku Italy amene anamwalira mu 1274. Iye anapereka chitsanzo cha ndodo imene siyenda pokhapokha dzanja litaigwira. Ganizirani mukusinja: mphale ikukonoka chifukwa cha munsi, munsi ukukwera ndi kutsika chifukwa cha manja anu. Munsiwo mphamvu zake n'zobwereka. Muulumikize ndi minsi ina chikwi, popanda wosinja, mumtondo simudzamveka kanthu. Aquinas ankati dziko lonseli lili ngati munsi: kukhalapo kwake n'kolandira, osati kalekale kokha ayi, ngakhale lero lino. Ndiye payenera kukhala mmodzi amene kukhalapo ndi kwake, wosabwereka kwa wina. Kufunsa amene anamupanga iyeyo n'chimodzimodzi kufunsa kumene anabwereka chinthu chake chomwe.

Ndisakubisireni, mfundoyi ili ndi oitsutsa. David Hume wa ku Scotland, amene anamwalira mu 1776, anati maso athu amangoona chinthu china chikutsatana ndi chinzake, koma chingwe chozimanga, chosonyeza kuti china ndicho chachititsa chinzake, sitichiona. Ine sanandigonjetse, poti aliyense amene anapsapo ndi moto sakayika chimene chinamuwotcha. Komabe mwana wanu akadzamuwerenga adzafunika kumuganizira mofatsa.

Chinanso, mfundoyi imangotifikitsa kwa Woyamba wosadalira wina. Sikutiuza kuti Woyambayo amamva pemphero la mayi wa ku Dedza, kapena kuti amakhululuka machimo. Zimenezo mudzamuuze kuchokera m'Malemba ndi m'zimene mwaona inuyo pa moyo wanu, ndipo mumuuze poyera kuti apa tsopano mukulankhula za chikhulupiriro. Akabwera ndi funso lina, mundilemberenso, kapena alembe yekha.