Florida State ya 2023: Kupambana Masewero Onse 13, Koma Kutsekeredwa Kunja

Wowerenga wina wandilembera imelo kuti anagula juzi ya Florida State pa kaunjika, ndipo atafufuza za timu ya yunivesite imeneyi, yosewera mpira woponya ndi manja wotchedwa American football, anadabwa kumva kuti mu 2023 inapambana masewero ake onse 13 koma sinaloledwe kulimbirana nawo chikho cha dziko lonse. Akufunsa kuti zimenezi zinatheka bwanji, komanso ngati mpira wa m'mayunivesite a ku America ndi woyenera kuutayira tulo.

Achimwene, funso lanuli landikanda pachilonda chakale. Ndili ku sekondale, timu ya sukulu yathu inagonjetsa masukulu onse a m'dera lathu, ngakhale kuti tinkasewera opanda nsapato ndipo mayunifomu athu anali obwereka. Pa masewero omaliza goloboyi wathu anathyoka mkono atagwera pa mtengo wa golo, komabe tinapambana ndi mnyamata wa Fomu 2 amene anaima pagolo miyendo ikunjenjemera. Titayamba kale kukonzekera ulendo wa kuboma, akuluakulu oyendetsa mpikisano anakhala pansi n'kugwirizana kuti atumize sukulu ina imene tinaigonjetsa, ponena kuti popanda goloboyi uja tikanakachititsa manyazi dera lonse. Aphunzitsi athu a zamasewero anatiuza nkhaniyi maso ali pansi, ndipo goloboyi wathuyo, mkono uli m'pulasitala, anayamba kupepesa anzake ngati kuti anachita kuuthyolera dala.

N'chifukwa chake madzulo a pa 3 Disembala 2023, pamene mayina a matimu anayi osankhidwa ankatuluka, mtima wanga unawawa ngati nkhaniyo ndi ya kwathu.

Mpira umenewu suyendera tebulo la mapointi monga tinazolowera m'ligi. Matimu a m'gulu lapamwamba ndi oposa 130, ndipo iliyonse imasewera masewero 12 okha asanafike a chikho, choncho ambiri sakumana n'komwe. Kuyambira mu 2014 mpaka 2023, komiti ya anthu 13 ndi imene inkasankha matimu anayi okalimbirana chikho. Florida State, ya mumzinda wa Tallahassee, motsogozedwa ndi mphunzitsi Mike Norvell, inayamba chakacho ndi kuswa Louisiana State (LSU) 45-24 ku Orlando, kenako inakagonjetsa Clemson kwawo komwe 31-24 m'nthawi yowonjezera. Tsoka linagwa pa 18 Novembala, pamene Jordan Travis, quarterback wawo, yemwe ndi wosewera amene amagawa mpira ndi kuyendetsa timu yonse ikamapita kukagoletsa, anathyoka mwendo posewera ndi North Alabama. Wachiwiri wake, Tate Rodemaker, anathandiza kugonjetsa Florida, timu ya yunivesite ina ya m'chigawo chomwecho, 24-15 koma naye anavulala m'mutu. Ndiye pa fainolo ya mgwirizano wawo wa ACC, womwe uli ngati ligi ya mayunivesite a kudera lawo, ku Charlotte anaikapo Brock Glenn, mnyamata wa chaka choyamba, amene anaponya mpira mayadi 55 okha masewero onse, koma otchinga kumbuyo anapanikiza Louisville mpaka kupambana 16-6.

Tsiku lotsatira komiti inasankha Michigan ndi Washington, zomwe zinali zisanagonjepo, pamodzi ndi Texas ndi Alabama, zomwe zinali zitagonjapo kamodzi iliyonse. Florida State inaikidwa pa nambala 5, ndipo aka kanali koyamba chiyambireni komitiyi kuti katswiri wosagonjapo wa umodzi mwa migwirizano ikuluikulu isanu asiyidwe kunja. Wapampando wa komitiyo, Boo Corrigan, anafotokoza kuti timuyi sinalinso chimodzimodzi popanda Travis. Travis mwiniwake analemba pa intaneti kuti ankalakalaka mwendowo ukanathyoka kumayambiriro kwa chaka, kuti anthu aone kuti timuyo inali yoposa munthu mmodzi.

Kodi komitiyo inalakwa?

Malamulo ake ankailoladi kuganizira za kusowa kwa osewera ofunika, ndipo Alabama inali itangogonjetsa Georgia 27-24, timu imene inali itapambana masewero 29 motsatizana. Zimenezi sindikuzikana. Koma ine ndikuti inalakwa, ndipo inalakwa kwambiri, chifukwa inasiya kuweruza zimene zinachitika pabwalo n'kuyamba kulosera zimene zikanachitika. Alabama inagonja pakhomo pake penipeni ku Tuscaloosa 34-24 kwa Texas, ndipo kugonja kumeneko kunakhululukidwa, pamene kuvulala kwa mnyamata mmodzi sikunakhululukidwe. Komanso komiti yoyamba, ya mu 2014, inalola Ohio State imene inkasewera ndi quarterback wachitatu, Cardale Jones, ndipo timuyo inakatenga chikho. Kusiyana kwake n'koti Ohio State inali itapambana fainolo ya mgwirizano wake 59-0, zimene zikusonyeza kuti chimene komiti imafuna si kupambana kokha ayi, koma kupambana kosangalatsa oonera pa wailesi ya kanema.

Ena adzakuuzani kuti nkhaniyi inatha pa 30 Disembala, pamene Georgia inakwapula Florida State 63-3 pa Orange Bowl, masewero apadera otsekera chaka amene amachitikira ku Miami. Musawamvere. Osewera odalirika monga Jared Verse, Keon Coleman ndi Trey Benson sanasewere nawo tsiku limenelo, popeza ankakonzekera zolowa mu NFL, ligi yaikulu ya osewera olipidwa, ndipo sanaone chifukwa choika matupi awo pachiswe pa masewero opanda chikho cha dziko. Timu imene inalowa m'bwalo ku Miami sinali ija ya masewero 13. Alabama nayo inagonja kwa Michigan 27-20 pa semifainolo ya Rose Bowl, ndipo Michigan ndi imene inatenga chikho itagonjetsa Washington 34-13. Florida State inagwa kotheratu chaka chotsatira, n'kupambana masewero 2 okha mwa 12.

Pa funso lanu lachiwiri, mpirawu mukhoza kuutsatira, chifukwa kuyambira mu 2024 matimu olimbirana chikho anawonjezeredwa kufika pa 12, ndipo timu yonga Florida State ya 2023 ikanalowa popanda mkangano, ngakhale kuti komiti ikadalipo. Masewero ambiri amachitika Loweruka, ndipo oyambirira amayamba cha m'ma 6 koloko madzulo nthawi ya kuno mu Sepitembala ndi Okutobala, choncho tulo simutaya pokhapokha mutafuna kuonera aja a usiku wa kumeneko.