Kwa mayi amene mnyamata wawo akuti sukulu si yake

Mayi, mwafunsa za mnyamata wanu amene walephera kalasi 8 kachiwiri, ndipo akuti bola akayambe geni ya mbatatesi kumsika wa m'malire ku Biriwiri. Mukufuna kudziwa ngati mphunzitsi angamutembenuzedi mtima kapena mungomuleka. Ndaona ena akuti mumukwapule, ena akuti mupite naye kumapemphero. Ine ndikuuzani zanga, chifukwa mawu omwewo ndinawauzapo amayi anga.

Ndinabadwira kothawa nkhondo, mbali ya ku Dedza, ndipo tinabwerera kwathu ku Angónia, ku Mozambique, mtendere wa 1992 utakhazikika. Pakhomo pathu Chipwitikizi sichinkamveka ngakhale liwu limodzi. Kusukulu n'kumene ndinakakumana nacho, ndipo ndinkadutsa makalasi mongoloweza ngati nyimbo ya kwaya. Pofika kalasi 8 mu 2007, pomwe nthawi imeneyo panali poyambira sekondale, kuloweza kunandithera. Masamu ndinkapeza 5 kapena 6 pa 20, pamene kuti ukhoze pamafunika 10. Pawuta, pepala la zotsatira za mayeso, ikamatidwa pakhoma ndinkadikira anzanga abalalike kaye. Ndinali nditavomereza mumtima kuti ndine mbuli.

Aphunzitsi athu a masamu sanali munthu wa nthabwala, ndipo sindikumbuka kuti anatilalikirapo za tsogolo. Tsiku lina ataweruka anandipeza pansi pa mtengo, n'kundilankhula m'Chichewa, chinthu chimene m'kalasi sankachita. Anandifunsa zimene timalima kwathu. Kenaka anati, ngati matumba 4 a feteleza atipatsa matumba 30 a mbatatesi, nanga matumba 6 angatipatse angati? Ndinayankha kuti 45 asanatseke n'komwe pakamwa. Zoterezi ndinkawerengera bambo anga chaka ndi chaka tikamakangana ndi mavenda. Iwo anatola kamtengo, n'kulemba pansi manambala omwewo, awiri pamwamba awiri pansi, pamalo pa yankho n'kuikapo x. Anati ichi n'chimene buku limatcha regra de três simples, ndipo n'chimene ndinalakwa pamayeso dzana lakelo.

Mayi, ndinachita manyazi ndi chimwemwe nthawi imodzi. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti mutu wanga ndi wouma, chonsecho chimene chinkandigwetsa ndi chilankhulo cha funsolo. Kuyambira pamenepo anandilamula kuti funso lililonse ndiziyamba ndalinena m'Chichewa chamumtima, ndikamvetsa chimene likufuna ndiye ndigwire cholembera. Anandipatsanso kabuku koti ndizilembamo mawu asanu a Chipwitikizi tsiku lililonse, ndipo Lachisanu ankakaona. Akapeza tsamba lopanda kanthu ankangondiyang'ana, basi, ndipo kuyang'ana kumeneko kunkawawa kuposa chikoti.

Chaka chomwecho mu Novembala damu la Cahora Bassa linachoka m'manja mwa Apwitikizi kubwera m'manja mwa Mozambique. Tonse tinkangoimba nawo zimene tinkamva pa wailesi. Iwo anabwera ndi choko, n'kulemba kuti damulo limatha kutulutsa ma megawati 2,075, ndipo mawaya ake amayenda makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera ku Songo, kumene kuli damulo, kukafika kufupi ndi Johannesburg. Anatiuza tiwerengere mababu a mawati 60 amene angayake ndi mphamvu imeneyo. Yankho linapitirira 34 miliyoni. Ife tinkawerenga ndi koloboyi usiku. Sananenepo chilichonse cha ndale, anangofufuta bolodi n'kutuluka, koma tinakangana za nkhaniyo njira yonse yobwerera kumudzi.

Sindikuti aphunzitsi onse ali choncho. Ndinakumanapo ndi wina amene ankafuna kangachepe kuti akukwezere nota, malikisi a mayeso, ndipo atsikana a m'kalasi mwathu amadziwa zoposa pamenepo. Komanso m'kalasi modzaza mpaka kukhomo, mphunzitsi wabwino yemweyo sangadziwe mwana aliyense. Ine ndinachita mwayi kuti anandiona. Inu musadikire mwayi.

Mufunseni mwanayo, osati mokalipa, kuti pa aphunzitsi onse ndi uti amene akalowa m'kalasi samva tulo. Alipo mmodzi ndithu, ngakhale akhale wa masewero. Mupite mukamuone mphunzitsi ameneyo maso ndi maso, musangodikira tsiku la msonkhano wa makolo. Mukawauze zimene mnyamatayo amachita bwino pakhomo. Ngati akulakalaka geni ndiye kuti amatha kuwerengera phindu, mwinanso amasintha makwacha kukhala mametikali mofulumira kuposa inu ndi ine. Mphunzitsi wanzeru ayambira pamenepo. Muonenso ngati vuto si Chipwitikizi: mumupatse funso la m'buku lake, wina amumasulire m'Chichewa, muone ngati sayankha. Nkhani ya chilankhuloyi boma lomwe likuidziwa. Kuno ku Tete n'kumene anayesera kuphunzitsa ana m'Chinyanja limodzi ndi Chipwitikizi kuyambira 1993 mpaka 1997, koma ambirife sizinatifike, ndipo ku sekondale zonse ndi Chipwitikizi chokhachokha.

Za geniyo musamutsekere khomo. Patchuthi mulekeni apite, koma azilemba zonse m'kope, zogula, zolipira galimoto, zowola. Akhoza kukaonetsa kopelo kwa aphunzitsi a masamu sukulu ikatsegulidwa.

Ine sindinakhale bwana ayi. Ndinakhoza kalasi 10 movutikira, kalasi 12 bwinoko, kenaka ndinaphunzira zaulimi pa yunivesite ya UniZambeze pompano pa Ulongwe, ndipo lero ndimayenda panjinga yamoto m'midzi kulangiza alimi. Mlimi akandifunsa kuti feteleza wake akwana mizere ingati, ndimatola kamtengo n'kulemba pansi, awiri pamwamba awiri pansi. Aphunzitsi aja anasamutsidwa ndili kalasi 11, ndipo sindinawathokoze, ndinali ndi manyazi achinyamata.

Mukamufunsa mnyamatayo, mudzatiuze phunziro limene watchula.