Kodi mzere wa ndakatulo ungakhale ndi mbiri yoipa?

Mayi wina amene akuphunzira mbiri ya mpingo wanditumizira imelo. Akuti anawerenga kuti Athanasius, bishopu wakale wa ku Alexandria, ankanyoza Arius, wansembe amene ankatsutsana naye, ponena kuti analemba Thalia, ndakatulo ya ziphunzitso zake, motsanzira Sotades. Ndiye akufunsa: Sotadesyu anali ndani, nanga cholakwika chinali pati?

Mayi, yambani mwaomba m'manja. Agiriki akale polakatula ankamvetsera utali wa maphatikizo, ena okoka, ena odukiza. Mzere wa Sotades umagunda chonchi: taa taa ta ta, taa taa ta ta, taa taa ta ta, taa taa. Chomwe chimandikoma ine n'chakuti mlakatuli ankaloledwa kusinthanitsa maphatikizo apakati, n'kumveka taa ta taa ta. Tayesani. Mumva mzerewo ukutsetsereka, kenaka n'kudzigwira, ngati munthu amene akuvina mothyola chiuno. Ndakatulo za Homer, mlakatuli wamkulu wa Agiriki, siziyenda choncho, zimaponda pansi mwaulemu.

Mwini mzerewu, Sotades, anali mlakatuli wa ku Maroneia, ku Thrace, koma anatchukira ku Alexandria. Pakamwa pake panalibe chitseko. Mfumu Ptolemy II itakwatira mlongo wake weniweni Arsinoe, cha m'ma 270 Khristu asanabadwe, Sotades anapeka mzere wolaula wonyoza ukwatiwo, womwe sindiulemba pano. Olemba akale amasiyana pa za mathero ake: Plutarch akuti anakaolera m'ndende. Athenaeus akuti mkulu wa asilikali, Patroclus, anamugwira, n'kumutsekera m'chimtsuko cha mtovu, n'kuchiponya m'nyanja. Akuti Sotades yemweyu anatembenuzanso Iliad, ndakatulo ya Homer, kuti igunde m'kagundidwe kake, mwano wina umenewo.

Kuchokera pamenepo mzerewu unamamatira ku zolaula ndi zisudzo za ovina odzipanga chachikazi. N'chifukwa chake sunachuluke. Zomwe zatsala za Sotades ndi zidutswa chabe, zina mwa izo malangizo abwinobwino a chikhalidwe.

Tsono onani nzeru za Athanasius. Mkangano womwe unakafika ku msonkhano wa mabishopu ku Nicaea mu 325 unali wokhudza umulungu wa Mwana, Yesu Khristu, koma Athanasius anadziwa kuti dzina la Sotades lokha likwanira kudetsa Arius. Kunali ngati kuuza mpingo kuti wansembe uyu akuyimba za Mulungu m'mayimbidwe a kumowa. Ineyo ndimaona kuti apa mwano unaposa chilungamo: akatswiri amatsutsana mpaka lero ngati zidutswa za Thalia zimagundadi taa taa ta ta, ndipo zambiri mwa zidutswazo anatisungira ndi Athanasius yemweyo.