Mayi wa mukomiti yosankha kochi, nali yankho lanu

Mayi wina amene amaphunzitsa pakoleji wandilembera imelo. Akuti amuika mukomiti yosankha kochi wa timu ya mpira wa miyendo, ndipo atsala anthu awiri: wina anatchuka akusewera mu ligi yaikulu, wina ndi mphunzitsi wa kusekondale wokhala ndi mapepala a ukochi, koma wosadziwika. Anzake onse akufuna wotchukayo. Iye mtima ukukana, ndiye akufunsa kuti atani.

Mayi, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa zoterezi ndinaziona ndi maso anga ndili pakoleji. Timu yathu inali ndi bambo wina wofatsa amene ankatiphunzitsa madzulo akaweruka. Sitinkapambana kwambiri, koma ankadziwa yemwe ali ndi mayeso mawa, yemwe sanalipire fizi, yemwe wagona ndi njala. Akuluakulu anati timu ikuchititsa manyazi, nabweretsa munthu wa dzina. Tsiku lomwe anafika tinamuombera m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Mpira ankaudziwa, zimenezo sindingamunamizire. Koma anaika maphunziro a timu m'mawa, nthawi ya kalasi, ndipo ukati uli ndi lekichala ankakuuza kuti usankhe chimodzi. Goloboyi wathu, mnyamata wa kumudzi amene banja lonse linkayang'ana kwa iye, anasankha mpira. Chaka chitatha anawididwa, kutanthauza kuti anachotsedwa pakoleji atalephera mayeso. Kochi uja naye sanakhalitse, kalabu ina itamuitana ananyamuka pakati pa sizoni osatsanzika. Mnzathuyo anabwerera kumudzi wopanda digiri, wopandanso timu. Mpaka lero ndikaganiza za mayi ake amene ankagulitsa mbewu kuti apeze thiransipoti ya mwana wawo, mtima umandiwawa.

Ndiye ndikamva komiti ikukamba za dzina, ndimakwiya. Matendawa si athu okha. Ku America, kumene masewero a m'makoleji ali ndi ndalama zoopsa, yunivesite ya Texas A&M inatenga Jimbo Fisher, kochi wa American football, mu 2017 chifukwa anali atapambana chikho cha dziko lonse ndi Florida State. Anamupatsa kontirakiti ya zaka 10 ya madola 75 miliyoni. Chikho sichinabwere, ndipo pomuchotsa mu November 2023 anayenera kumulipirabe madola opitirira 75 miliyoni kuti angochoka. Anthu ophunzira, okhala ndi maloya, anachita khungu ndi mbiri ya munthu.

Dziko lomwelo, yunivesite ya Tennessee mu 1974 inapereka timu ya basketball ya atsikana kwa Pat Summitt ali ndi zaka 22 zokha. Ankachapa yekha yunifomu, kuyendetsa yekha galimoto ya timu. Anakhala zaka 38, napambana zikho 8 za dziko lonse. Koma chimene ine ndimamulemekezera n'chakuti wosewera wojomba kalasi sankalowa m'bwalo, ndipo aliyense amene anamaliza zaka zake mutimuyo anatenga digiri. Dawn Staley, kochi winanso wa basketball ya atsikana, anafika ku yunivesite ya South Carolina mu 2008, chikho choyamba chinabwera mu 2017. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwathu kuno akanamuchotsa chaka chachiwiri, masapota atayamba kuimba mafoni ku wailesi.

Musandimve molakwa, Staley anali katswiri weniweni m'bwalo, kotero kutchuka si mlandu. Kinnah Phiri anali womwetsa zigoli woopsa, ndipo ndi yemweyo anatengera Flames ku mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Angola mu 2010, tikumenya Algeria 3-0. Wotchuka akhoza kuphunzitsa. Chimene ndikukana n'kumulemba ntchito chifukwa choti mamembala a komiti akufuna kujambulitsa naye. Ndipo timu ya dziko ndi ya pakoleji n'zosiyana. Ana anuwo ambiri sadzadya za mpira. Makolo awo anawatumiza kudzatenga pepala, ndipo kochi amene saona zimenezo alibe malo pasukulu, kaya anamwetsa zigoli zingati. Apa sindisuntha.

Zoti muchite

Musawafunse m'ofesi mokha, atavala masuti. Aliyense mumupatse ola limodzi ndi ana m'bwalo, inu muime patali muone amene akulankhula ndi osewera ofooka. Onani laisensi ya ukochi ya CAF (bungwe la mpira mu Africa) ndi maso anu, mutsimikize ku FAM (bungwe la mpira m'Malawi). Imbirani anthu amene anasewera pansi pake, makamaka amene ankakhala pa benchi, osati amene iye wakulemberani. Mufunseni kuti adzatani masewero akagundana ndi mayeso, ndipo yankho lakelo lilowe mukontirakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu. Malinga ndi zomwe mwandiuza, voti yanga ikanapita kwa mphunzitsi wa kusekondale uja. Anzanu akakuposani mavoti, pemphani kuti mfundo ya mayesoyo ilembedwe mu maminitsi wotchukayo asanasaine.